Nyimbo za a Chingwalu ndi Mawu a Mayi Anu

1991

Ana anga, za kumudzi ku Dowa ndi za kusukulu mwazimva mpaka makutu kuwawa, ndiye pano ndizilumpha. Mutu uno ndi wa woimba wina amene ndinagwira naye ntchito, komanso wa mawu a mayi anu, amene padziko lonse lapansi anatsala pa tepi imodzi yokha.

Ntchito ndinayambira ku Blantyre, kubungwe lina lokonza mapulogalamu a pa wailesi a zaulimi ndi zaumoyo. Musaganize kuti ndinafikira pa mpando. Yanga inali kukulunga mawaya ndi kunyamulira anzanga makina, ndipo zojambula mawu ndinaphunzira mongosuzumira paphewa pa eni ake. Mu 1991 bungwelo linatsegula kasitudiyo ku Lilongwe, akuluakulu n'kundiuza kuti, "A Mbewe, paja inu ndi a chigawo chapakati, pitani kwanu." Kwathu kwake kuti? Ine Lilongwe ndinkangoidutsa pa basi ndili m'tulo. Komabe tinamanga katundu, ine, mayi anu NaPhiri, ndi iwe Chikondi uli sitandade wani, n'kukapeza kanyumba ka lendi ku Kawale, mpopi wake wa mabanja onse a pamalopo.

Situdiyoyo inali chipinda chimodzi kuseri kwa maofesi m'tauni. Makoma tinamata makatoni a mazira kuti phokoso la mumsewu lisalowe, koma la mvula pa malata linkalowa ndithu, moti dzinja lonse tinkajambula uku tikuyang'ana kumwamba. Makina athu anali a matepi akuluakulu aja ozungulira pa mawilo awiri, osati timakaseti. Bwana wanga anali a Munthali, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi, munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala. Sanali oipa mtima, koma tepi ankaisamala kuposa nsapato zawo. Ukadula kachidutswa n'kutaya, ankakatola m'bini n'kudzakuikira patebulo osanena kanthu.

Iwowa ndi amene anabweretsa a Zakeyo Chingwalu. Inu a masiku ano dzinali simulidziwa, koma m'zaka zimenezo, kuyambira ku Chinsapo kumene ankakhala mpaka ku Area 25, panalibe kondakitala wa minibasi amene sankang'ung'udza nyimbo yawo. Anali munthu wamfupi, wa mano otalikirana, wa chipewa cha ulonda chimene anachoka nacho ku Kanengo atasiya ntchito. Eni akewo ankaseka kuti, "Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ine ndinangomvera." Gitala yawo inali yong'aluka pamimba, yomatamata ndi guluu, koma akangoikhudza, munthu unkasiya chimene ukuchita. Ife tinawaitanira nyimbo zolimbikitsa anthu kukumba zimbudzi ndi kusamala madzi akumwa. Anamvetsera a Munthali akufotokoza, kenako anati, "Abwana, ine chimbudzi sindingachiimbe. Ndipezereni munthu amene anakumbayo, dzina lake ndi khomo lake, ndikacheze naye." A Munthali anayang'ana ine, ine ndinayang'ana makina.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kameneko, ndipo sanakasinthe mpaka mapeto. Nyimbo iliyonse inali ya munthu weniweni, wotchulidwa dzina. Ankapita kukakhala pakhonde pa munthuyo, kumva nkhani yake, n'kubwerera ku Chinsapo. Nyimbo ikapsa, ankayamba kaye kukamuimbira mwini wake pakhomo pake, aneba onse ali pomwepo. Mwini wake akavomera, ndiye ankabwera nayo kwa ine. Akakana, nyimboyo inkathera pakhonde pomwepo, ngakhale ikome chotani. Phunziro limene a Munthali ankafuna ankalilowetsa chamkati, ngati mankhwala a mwana m'phala. Motero tinajambula ya mayi wa ku Mgona amene nyumba yake inkagwa dzinja lililonse, iye n'kumaumbanso zidina yekha. Tinajambula ya bambo wa ku Area 23 amene ankakwirira zithaphwi za m'njira popanda womutuma, anthu n'kumamuyesa wamisala. Koma imene inagwedeza mzinda inali ya Che Amidu, telala wa pakhonde la sitolo ku Biwi, amene ankasokera ana amasiye zovala ndi zidutswa zotsala pa nsalu za makasitomala. Imeneyo ankaivina pa maukwati, ndipo achinyamata onse ophunzira gitala ankayambira pa iyo. Che Amiduwo akuti ankati ikamalira pa wailesi, ankaweramira makina awo ndi manyazi.

1992

Chaka chimenechi zinthu zinavuta. Kunali chilala, maiko akunja anayamba kutimana thandizo, ndipo matepi atsopano anasiya kubwera. A Munthali analamula kuti pulogalamu ikangoulutsidwa, tepi izibwerera, tizifufuta n'kujambulapo ina. Kufufuta n'kosavuta, abale. Umaika tepi, kutseka maikolofoni, kudina batani lofiira, basi, mawu onse apita. Ine ndinapempha kuti matepi a nyimbo za a Chingwalu okha asakhudzidwe, chifukwa kwina kulikonse kunalibe. Zimene anthu ankaliza m'maminibasi zinali zojambula pa wailesi ndi timakaseti totchipa, zosokosera, ndipo pakangopita miyezi zinkatafunidwa ndi makina. A Munthali analola monyinyirika. Ndinawatsekera m'kabati, kiyi m'thumba, ndikudzimva kuti ndine munthu wofunika.

Ndiye taganizani, tsiku lina m'mawa a Chingwalu atulukira opanda gitala, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

"Amisiri," paja ndi mmene ankandiitanira, "Che Amidu tawaika dzulo. Tandiikireni nyimbo yawo."

Ndinaika. Anamvetsera atavula chipewa, kuyambira poyamba mpaka pothera. Kenako anati, "Zikomo. Tsopano ifufuteni."

Ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke.

"Abambo, mukuti chiyani? Nyimbo imene yakudziwikitsani dziko lonse?"

"Inali ya Che Amidu. Anandibwereka nkhani yawo ali moyo. Apita, apite nayo."

"Nanga si pano m'pofunika kuti anthu aziwakumbukira?"

"Aziwakumbukira akuvina? Mkazi wawo azikwera minibasi, dzina la mwamuna wake likulira m'sipika, anyamata akuimbira mluzu? Ine ndinaziona zimenezo kwathu ku Mchinji ndi nyimbo yanga yoyamba. Mwini wake atamwalira, anyamata ankaiimba pa chigayo akuseka. Mayi wamasiye anasiya ufa wake pomwepo n'kuthawa. Kuyambira pamenepo, mwini nyimbo akafa, ine pakamwa ndimatseka. Tsono pakamwa ndatseka kale, kwatsala makina anuwa."

Ndinathamangira kwa a Munthali ndikuyesa kuti andithandiza. Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti, "Tepi ndi yathu, nyimbo ndi yawo. Ndipo tepi tikuifuna. Fufutani, a Mbewe." Ha! Ine ndinali nditamenyera nkhondo matepi amenewo kwa abwana, lero abwana ndi woimba agwirizana, wotsala yekha ndine. Ndinadina batani lija ndi chala changa chomwechi. A Chingwalu anaima pomwepo mpaka tepi inatha, n'kuvala chipewa, n'kundithokoza ngati ndawapatsa madzi akumwa.

Madzulo ndinawafotokozera mayi anu ndikuyembekezera kuti andiuze wolakwa ndani. Iwo anali akusankha nyemba m'lichero. Anati, "Ine sindikudziwa, bambo a Chikondi. Ndikanakhala mkazi wa Che Amidu, tsiku lina ndikanafuna kuimva, tsiku lina ndikanaswa wailesi." Ndinati, "Ndiye mwandithandiza chiyani pamenepa?" Anati, "Munandifunsa kuti ndikuthandizeni, kapena kuti ndikuuzeni zoona?"

1993 ndi 1994

Nthawi ya riferendamu, anthu a mbali zonse ziwiri ankabwera ku Chinsapo ndi magalimoto kudzawanyengerera kuti awapekere nyimbo. Onse anabwerera ndi yankho limodzi: "Chipani chilibe khonde loti ndikakhalepo. Ndibweretsereni munthu." Ena anawanena kuti ndi amantha, ena kuti anagulidwa, ndipo ine ndemwe sindinadziwe kuti ndiwaike mbali iti. Iwo ankangopitiriza kuyenda m'makwalala a Kawale, Biwi ndi Mgona, gitala kumsana, kufunafuna anthu.

Koma zinali zaka za maliro. Matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina anali atalowa pafupifupi nyumba iliyonse, ndipo malole onyamula maliro ankadutsa pa situdiyo pathu mpaka tinasiya kuimitsa makina akamadutsa. Ine ndinaphunzira kuyang'ana kumsana kwa a Chingwalu akamalowa pageti. Akakhala ndi gitala, lero tijambula. Akakhala opanda, ndinkayamba kufunafuna kiyi wa kabati mtima uli m'malere. Mayi wa ku Mgona uja anapita, nyimbo yake n'kumutsatira. Bambo wa zithaphwi anapita, yake chimodzimodzi. Nyimbo zatsopano zinkabwera ndithu, koma zochoka zinkaposa zobwera.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Tsiku lina ndinati, "Abambo, bwanji ndingodula pamene pali dzina, zina zonse zikhale?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Nyimbo yopanda dzina ndi miseche, amisiri." Tsiku lina ndinati, "Nanga inuyo mukadzafa, tidzatsala ndi chiyani?" Anaseka mpaka mano otalikirana aja kuonekera onse. "Mudzatsala ndi matepi oyera. A Munthali adzakondwa." Ndinakwiya, ndinawauza kuti akuwononga ntchito yawo ndi manja awo. Koma ndikafika pa siteji n'kuona mayi wovala zakuda akukwera minibasi, ndinkapezeka ndikupemphera kuti dalaivala asaike kaseti. Mutu wanga sunagwirepo pa nkhani imeneyi.

1995

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, ndinatsalira pang'ono kucheza ndi amuna anzanga. Pofika kunyumba ndinapeza anthu ali bii pakhomo panga. Ndinaganiza kuti kwagwa zovuta. Kuyandikira, ndi a Chingwalu atakhala pampando wanga, gitala pamwendo, mayi anu ali pamphasa atakubereka iwe Tadala uli ndi zaka ziwiri, aneba onse atazungulira mpaka ana pamwamba pa mpanda.

"Amisiri, khalani pansi. Lero sindinabwerere inu."

Zinapezeka kuti mayi anu, osandiuza, anali atakwera minibasi mpaka ku Chinsapo kukandisumira. Nyimboyo inkanena za mwamuna amene ntchito yake ndi kumvetsera mawu a dziko lonse, koma akafika pakhomo makutu amakhala atadzaza. A Chingwalu ankaimba kuti:

Wamva a ku Mchinji, wamva a ku Salima,
wamva alangizi, wamva adokotala,
wafika pakhomo, wafunsa ana,
kodi mayi anu ali kuti?

Pamenepo mayi anu, atakhala pambali panga penipeni, ankayankha kuti, "Ndili pompano, ndili pompano ine." Anthu anaseka mpaka ena kugona pansi. Ndime iliyonse mwamunayo ankamufuna mkazi wake kwina, kumsika, kumpopi, kwa aneba, ndipo yankho linali lomwelo. Nyimbo itatha ndinaimirira n'kunena kuti, "Iyi yokha sindijambula." A Chingwalu anati, "Pepani, amisiri, mwini nyimbo ndi mayiwa. Inu mwangolowamo. Mayi, ipite kapena ithere pano?" Mayi anu anandiyang'ana chammbali, akubisa kuseka ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Ipite. Mwina akaimva m'makina awo aja adzandimva."

Sabata yomweyo a Chingwalu anabwera n'kujambula mbali yawo, mawu ndi gitala. Ine ndinati poyankhapo tiitane atsikana a kwaya. Anakana. "Woyankha ndi mwini wake." Tsono apa mumvetse bwino, chifukwa n'pofunika. Tepi yathu inali ndi mizere iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi, ndipo unkatha kujambula mzere umodzi lero, wina mawa. A Chingwalu ndinawaika wam'mwamba. M'mawa mwake mayi anu anatseka benchi lawo la tomato kumsika wa Kawale, n'kubwera m'tauni atavala duku la kutchalitchi. Kanali koyamba kulowa kuntchito kwanga. Ndinawaveka mahedifoni pamwamba pa dukulo kuti azimva a Chingwalu m'makutu n'kumayankha pa maikolofoni. Anawagwiragwira n'kunena kuti, "Oo, ndiye timbale timeneti ndi timene timakutsekani makutu?" Koyamba analephera ndi kuseka. Kachiwiri analephera chifukwa a Munthali anasuzumira pakhomo. Kachitatu anatsinzina n'kuyankha bwinobwino, mawu awo aja otsika pang'ono, ndipo ndinawaika mzere wam'munsi, okha, popanda china chilichonse.

Nyimboyo inatchuka zosaneneka. Makondakitala a ku Kawale ankandikuwira kuti, "Abwana a makutu, kwerani, amayi ali pompano!" Ndinkakalipa, koma ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkanyada. Ndipo pakhomo ndinayamba kuyankha ndikaitanidwa, ngakhale mayi anu ankati kusinthako kunali kwa miyezi iwiri yokha.

1996

A Munthali anapuma ntchito n'kubwerera ku Rumphi. M'malo mwawo munabwera Mayi Lungu, munthu wachitsikana ndithu, wophunzira, wokonda nyimbo za a Chingwalu kuyambira ali kusukulu. Tsiku lawo loyamba anandipempha kuti ndiwatsegulire kabati. Ataona mashelefu, anafunsa kuti, "Ya Che Amidu ili pati?" Ndinawafotokozera zonse. Anakhala pansi pa bokosi la mawaya, manja m'mutu.

"A Mbewe, mukundiuza kuti munafufuta? Inuyo?"

"Eni ake anapempha, mayi. Abwana analola."

"Zimenezi si za munthu mmodzi. Zidzukulu zanu zidzamva chiyani? Kuyambira lero, wofufuta nyimbo m'chipinda chino wadzichotsa yekha ntchito."

Anawaitana a Chingwalu n'kuwauza kuti akufuna kutulutsa makaseti enieni, okhala ndi chithunzi chawo, ogulitsa m'masitolo. A Chingwalu anamvetsera mwaulemu n'kufunsa kuti, "Nanga mwini nyimbo akamwalira, mayi, adzayenda m'nyumba za anthu kutolera makasetiwo ndani?" Mayi Lungu anati palibe amene angatero. Iwo anati, "Ndiye n'chifukwa chake." Anakambirana mpaka tiyi anazizira, osamvana. Chondisokoneza ine chinali chakuti akamalankhula Mayi Lungu ndinkavomereza, akamalankhula a Chingwalu ndinkavomerezanso, moti onse awiri ankandiyang'ana ngati mboni yawo.

Kuchokera pamenepo, a Chingwalu akabwera opanda gitala, ndinkawaikira nyimbo, amvetsere, kenako ndinkati, "Abambo, lamulo." Iwo ankavala chipewa n'kutuluka osatsutsa. Koma gitala sanabwere nayonso. Ndinawapeza tsiku lina ku Chinsapo akuwotcha chimanga chogulitsa, ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Ndingabwereke bwanji nkhani ya munthu pamene sindingathe kuibweza?" Situdiyo inakhala ya alangizi ndi madokotala okhaokha, ndipo matepi atsopano anali atayambiranso kubwera, ambiri, osowa chojambulapo.

1997

Za imfa ya mayi anu ndilemba mwachidule, chifukwa ngakhale lero dzanja limakana. Anayamba ndi mutu, n'kunena kuti ndi dzuwa la kumsika. Anali malungo, ndipo anakwera m'mutu. Sabata isanathe anatisiya. Tinakawaika kwawo ku Ntchisi, ndipo pa lole imene inanyamula anthu a ku Kawale panali a Chingwalu, atakhala pakona, chipewa m'manja. Sanandiuze mawu alionse kupatula akuti pepani. Koma ine nditangowaona, pakati pa misozi yonseyo, ndinakumbukira kabati, ndipo ndinachita mantha.

Nditabwerera kuntchito, sipanapite masiku ambiri. Ndinawaona a Chingwalu pawindo akulowa pageti, kumsana kulibe kanthu. Mayi Lungu nawonso anawaona. Analowa mu situdiyo a Chingwalu asanafike n'kunena motsitsa mawu kuti, "A Mbewe, pa tepi iyi yokha lamulo langa ndalichotsa. Chimene mungachite, ine sindidzafunsa." Anaganiza kuti andichitira chifundo. Komatu lamulolo ndi limene ndinkafuna kubisalamo, ndiye anandisiya pambalambanda.

A Chingwalu anakhala pampando wawo wa nthawi zonse. "Amisiri, tandiikireni."

Ndinaika. Gitala inayamba, iwo anafunsa funso lija, mayi anu n'kuyankha. Ana anga, ine ndajambula mawu a anthu ambirimbiri, koma sindinadziwe kuti tepi ingathe kumuchita munthu choncho. Ndinagwira tebulo. Ndinkafuna kuzimitsa, ndinkafunanso kuti isathe. Nyimbo inatha, tepi ikungozungulira.

"Mukudziwa chimene ndadzera," anatero.

"Ndikudziwa. Koma abambo, chithunzi chawo ndili nacho chimodzi, cha ukwati, chosaoneka bwino. Mawu ndi omwewa. Tadala ali ndi zaka zinayi. Adzawakumbukira ndi chiyani?"

"Sindikukukakamizani. Kwa ena onse ndinkaimira ofedwa. Pano wofedwa ndinu. Koma ndikuuzeni chimene chikundisowetsa tulo ine. M'menemo muli mawu anga, akuitana mayi amene ndinakawaika ndi manja anga, ndipo akuitana moseka. Zimenezo sindingazipirire."

"Ndiye nditani?"

"Sindikudziwa, amisiri. Ndikanadziwa ndikanakuuzani."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena kuti sakudziwa, ndipo kanandisokoneza kuposa kukakamira kwawo konse kuja. Ndinayesa kuganiza chimene mayi anu akanafuna, koma iwonso anali atandiuza kale kuti sakudziwa. Ndikasunga, ndiye kuti ndawalakwira a Chingwalu, munthu amene anakwera lole mpaka ku Ntchisi. Ndikafufuta, ndakulakwirani inu ana anga. Ndili choyang'ana makina, maso anagwera pa mabatani awiri a mizere ija.

"Abambo, ndikhoza kufufuta mzere wanu wokha. Mawu anu ndi gitala zichoke, awo atsale."

"Zimatheka zimenezo?"

"Zimatheka."

"Nanga chotsalacho chidzakhala chiyani? Nyimbo?"

"Ayi, nyimbo sikhalaponso."

"Ndiye chiyani?"

Ndinatembenukira ku makina. Kwa kanthawi ndinadziona wochenjera, kuti ndapeza njira yosalakwira aliyense. Ndinabweza tepi poyambira, kutseka mzere wam'munsi kuti usakhudzidwe, kuonetsetsa kawiri katatu, n'kudina batani lofiira. A Chingwalu anaima monga mwa chizolowezi chawo mpaka tepi inatha. Ndinawafunsa ngati akufuna kumva chotsalacho. Anapukusa mutu. "Zanga mwandibwezera. Zotsalazo ndi za m'nyumba mwanu." Anavala chipewa. Chaka chotsatira anabwerera kwawo ku Mchinji, ndipo kumeneko ndi kumene anamwalira. Pamaliro pawo akuti achinyamata anabwera ndi magitala, koma atafika anasowa choimba, chifukwa sankadziwa kuti eni nyimbo amene akali moyo ndi ati.

Ine tsiku lofufuta lija tepiyo sindinaimvetsere. Ndinaibwezera m'kabati. Loweruka lotsatira ndinali ndi pulogalamu yoti ndimalize, ndipo pakhomo panalibe wokusiyira iwe Tadala, chifukwa Chikondi anali atatsalira ku Ntchisi kwa agogo. Ndinakutenga. Unakhala pansi n'kumaseweretsa mawilo opanda tepi. Ntchito itatha, cha masana, ndinadziuza kuti ndingoyesa, ndione ngati mzere uja unatsala bwino. Ndinaiwala kulumikiza mahedifoni, mawu n'kutulukira m'sipika.

Poyamba kunali zii, pamene panali gitala paja. Ziii, nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuopa kuti ndafufuta zonse. Kenako, popanda wofunsa, popanda chilichonse, mayi anu anati, "Ndili pompano, ndili pompano ine." N'kukhalanso zii.

Iwe unasiya mawilo aja. Unaimirira, kuyang'ana kukhomo, kuyang'ana kuseri kwa kabati, kuyang'ana ine. Ine ndinafuna kuzimitsa, koma dzanja silinanyamuke. M'chete mujamo unaitana kuti, "Amayi!" Ndipo tepi, itafika pamalo pake, inayankha. Unaseka. Unali usanasekepo chimwalirire mayi ako. Unathamangira pa sipika, kuigwira ndi manja onse awiri, n'kuitananso. Unadikira, anayankha. Unanditembenukira n'kunena kuti, "Ababa, inunso aitaneni." Sindinadziwe ngati ndakupatsa mphatso kapena ndakupweteka, ndipo ndakalamba ndisanadziwe.

Nyimboyo inali ya ndime zochepa. Tepi inatha, nsonga yake n'kumamenya pa makina, phaphapha. Iwe unali ukadagwira sipika ija. Unaitana, n'kudikira. Unaitananso mokweza.